Mahaloket: liwu logawira ansembe ntchito lomwe linadzasanduka dzina la mkangano

Khirisimasi ikamayandikira, m'matchalitchi ambiri mumawerengedwa mutu woyamba wa Luka. Wowerenga akafika pa vesi 5 amangodutsapo chothamanga, poti aliyense akudikira mngelo Gabirieli. Pa vesilo pali timawu tonena kuti Zekariya, bambo wake wa Yohane Mbatizi, anali wansembe wa gulu la Abiya. Ambirife timamva ngati Luka akungotchula mfunda wa munthu, monga tinganenere kuti uje ndi wa kwa Phiri kapena wa kwa Banda. Mbali ina n'zoona, koma Luka akunenanso za ntchito. Akutiuza kuti panali sabata yodziwika imene Zekariya ankayenera kusiya nyumba yake kumapiri a ku Yudeya n'kupita ku Yerusalemu kukatumikira m'Kachisi.

Luka analemba m'Chigiriki, ndipo liwu limene anagwiritsa ntchito ndi efemeria, lomwenso omasulira Chipangano Chakale m'Chigiriki analiika m'malo angapo m'mabuku a Mbiri. Pansi pake pali liwu la Chiheberi lakuti mahaloket, ndipo akachuluka amati mahlekot. M'mabuku ena mulipeza litalembedwa machaloketh kapena machloket, koma "ch" ameneyo asakupusitseni. Si wa mu chala kapena chimanga, ndi "h" wotulukira pakhosi ngati munthu wapalidwa ndi gaga. "Ma" wa kumayambiriroyo nayenso khutu la Mchewa limamumva ngati wochulukitsa, ngati wa mu makasu, pomwe pa Chiheberi ntchito yake ndi kusandutsa mneni kukhala dzina.

Mneni wake ndi halak, kutanthauza kugawa. Chimene munthu walandira pogawapo ndi helek, gawo. Pamenepa ife tili ndi mwayi woposa anzathu owerenga zinenero zina, chifukwa tsinde lathu la -gawa limayenda njira yomweyo. Abale akagawana munda wa makolo, aliyense amachoka ali ndi ndime yake ndipo mawa amapatsana moni pa malire. Abale omwewo akagawikana chifukwa cha mundawo, nkhani imakathera kwa amfumu. Tsinde ndi limodzi, koma kwina likubala mtendere, kwina chidani. Liwu la mahaloket linayenda ulendo wonsewo, kuchoka pa kugawana kufika pa kugawikana. M'Baibulo la Chiheberi lili mbali yoyambayo.

Malo oyamba amene limapezeka sakukamba n'komwe za ansembe. Pa Yoswa 11:23, 12:7 ndi 18:10 likunena za dziko la Kanani, lomwe Yoswa anapereka kwa Aisraeli monga mwa magawo a mafuko awo, ndipo pa 18:10 akugawa pochita maere ku Silo. Choncho mahaloket si kudula chinthu mwachisawawa. Ndi kugawa komwe aliyense akudziwa chake, pamaso pa anthu, ndipo palibe wonena kuti wakonderedwa.

Ansembe pa kugawa kumeneku anatsala manja ali m'khosi. Pa Numeri 18:20 Mulungu akuuza Aroni kuti sadzakhala ndi cholowa m'dziko, sadzakhalanso ndi helek pakati pa abale ake, chifukwa helek wake ndi Mulungu mwini. Dzina la Hilikiya, mkulu wa ansembe amene anapeza buku la Chilamulo m'masiku a mfumu Yosiya, likuchokera pomwepa: gawo langa ndi Yehova. Ndiye tikafika m'buku la 1 Mbiri n'kupeza liwu logawira minda lija likugwiritsidwa ntchito pa ansembe ndi Alevi, ine ndimaona kuti si mwangozi. Mafuko ena anagawana nthaka, awa anagawana masiku otumikira. Munda wa wansembe inali sabata yake ya m'Kachisi, ndipo ankadyanso momwemo, chifukwa mbali ya nyama ya nsembe, zikopa ndi mikate zinkapita kwa amene ali pa ntchito. Pa 2 Mbiri 31 tikuona mfumu Hezekiya ikuika anthu oti azigawa zopereka kwa ansembe potsata mahlekot awo, wamkulu ndi wamng'ono chimodzimodzi.

Kwawo kwenikweni kwa liwuli ndi 1 Mbiri mutu 23 mpaka 28. Davide wakalamba, walonga Solomoni ufumu, ndipo akukonzekera Kachisi yemwe iye sadzamuona. Awerenga Alevi a zaka 30 kupita m'tsogolo napeza 38,000. Mwa iwo 24,000 ndi oyang'anira ntchito ya nyumba ya Mulungu, 6,000 akapitawo ndi oweruza, 4,000 alonda a pa zipata, 4,000 oimba. Kenako mutu 24 ukutembenukira kwa ana a Aroni. Aroni anali ndi ana aamuna anayi, koma Nadabu ndi Abihu anafa opanda ana, kotero unsembe unatsalira nyumba ziwiri, ya Eleazara ndi ya Itamara. Nyumbazi sizinali zofanana kukula. Ya Eleazara inali ndi akulu a mabanja 16, ya Itamara 8 okha. Pamodzi 24.

Apa ndi pamene pakanabuka phokoso. Ndani ayambe? Wa nyumba yaikulu kodi? Wolemba akufotokoza mosamala ngati mlembi wa pa bwalo la milandu. Davide sanagawe yekha, anali ndi Zadoki wa mbali ya Eleazara ndi Ahimeleki wa mbali ya Itamara. Anachita maere. Mlembi Semaya mwana wa Netaneli, Mlevi, ankalemba zotsatira pamaso pa mfumu, akalonga ndi akulu a mabanja. Maere oyamba anagwera Yehoyaribu, achiwiri Yedaya, achitatu Harimu. Abiya wa Zekariya uja anatuluka wa nambala 8, Biliga wa 15, Hapizezi wa 18, Gamuli wa 22, ndipo womaliza anali Maaziya. Oimba nawonso, anthu 288, anagawidwa m'magulu 24 a anthu 12, ndipo 1 Mbiri 25:8 ikutsindika kuti pa maerewo wamng'ono ndi wamkulu, mphunzitsi ndi wophunzira, anali chimodzimodzi. Mutu 27 ukugwiritsanso ntchito liwu lomweli pa asilikali: magulu 12 a anthu 24,000, lililonse mwezi wake.

Mabuku a Samueli ndi Mafumu, amene ndi akale kuposa Mbiri ndipo amafotokoza moyo wa Davide mwatsatanetsatane, satchula magulu 24 amenewa. Mbiri inalembedwa Ayuda atabwerako ku ukapolo wa ku Babulo, mu ulamuliro wa Aperezi, zaka mazana ambiri Davide atamwalira. Ndipo mndandanda wa obwerera kwawo pa Ezara 2:36-39 uli ndi mabanja anayi okha a ansembe: a Yedaya 973, a Imeri 1,052, a Pasuri 1,247 ndi a Harimu 1,017, onse pamodzi 4,289. Pasuri sapezekanso pa mayina 24 aja. Chifukwa cha zimenezi akatswiri ambiri a Baibulo amati mndandanda wa pa 1 Mbiri 24 ukuonetsa mmene zinthu zinkayendera m'Kachisi wachiwiri, ndipo wolemba anazimangirira pa dzina la Davide. Arabi, aphunzitsi achiyuda akale, nawonso anaona kusiyana kumeneku, koma anakufotokoza mwina. Mu Talmud, mabuku a ziphunzitso zawo, amati Mose anakhazikitsa magulu 8, Samueli anawafikitsa pa 16, Davide pa 24, ndipo atabwerako magulu anayi okha ku Babulo, aneneri a nthawiyo anawagawanso mpaka anakwana 24. Njira zonse ziwiri zikugwirizana pa mfundo imodzi, yakuti dongosololi linakonzedwa kapena kukonzedwanso ukapolo utatha. Ezara 6:18, yolembedwa m'Chiaramu, ikuti Kachisi wachiwiri atatha kumangidwa anaika ansembe ndi Alevi m'magulu awo, ndipo liwu lonena za Alevi ndi m'bale wake wa mahaloket.

Za mmene kasinthasinthayu ankayendera tili ndi mboni yomwe inali mkati. Josephus, wolemba mbiri wachiyuda wobadwa m'chaka cha 37, anali wa banja la ansembe ndipo ankanyadira kuti ndi wa gulu loyamba mwa 24 aja. Banja la Matatiyasi, bambo wa Yudasi Makabeo amene anatsogolera Ayuda pogalukira ulamuliro wa Agiriki, linalinso la Yehoyaribu yemweyo. Josephus akuti gulu lililonse linkatumikira kuchokera Sabata kufika Sabata, ndipo dongosololi linalipobe m'masiku ake. Mishnah, buku la malamulo a arabi lomwe linasonkhanitsidwa cha m'ma 200, ikuwonjezera zambiri. Gulu linkagawidwanso m'nyumba za makolo, nyumba iliyonse tsiku lake. Kusinthana kunkachitika pa Sabata. Magulu 24 a sabata imodziimodzi ndiye kuti wansembe wamba ankapita ku Yerusalemu pafupifupi kawiri pa chaka, kuphatikizapo zikondwerero zitatu zikuluzikulu, Paska, Masabata ndi Misasa, pamene magulu onse ankatumikira limodzi. Nthawi yotsalayo anali munthu wa kumudzi. Anthu wamba nawonso anawagawa motsata magulu omwewa: sabata ya gulu lawo ikafika, ena ankaperekeza ansembe kukaimirira pa nsembe m'malo mwa mtundu wonse, otsala ankasonkhana m'midzi yawo n'kumawerenga nkhani ya chilengedwe.

Arabi koma sagwiritsa ntchito liwu la mahaloket ponena za magulu amenewa. Amati mishmar, akachuluka mishmarot, kuchokera ku mneni shamar, kulonda kapena kusunga. Liwuli lilinso m'Baibulo, monga pa Nehemiya 12:24 ndi 13:30. Mawu awiriwa akuyang'ana chinthu chimodzi kuchokera mbali ziwiri. Mahaloket akuona anthu ogawidwa ndi gawo limene lawagwera. Mishmar akuona ulonda, nthawi yomwe uli pa ntchito ndipo sungachokepo mnzako asanabwere.

Maere sanathere pa Davide. Mishnah ikufotokoza nkhani imene imandiseketsa ndi kundimvetsa chisoni nthawi imodzi. Poyamba ntchito yochotsa phulusa pa guwa la nsembe m'mamawa inali ya aliyense wofuna, ndipo akachuluka ankachita mpikisano wothamanga pa chitunda chokwerera ku guwalo. Tsiku lina awiri anafika mofanana, wina anakankha mnzake, anagwa n'kuthyoka mwendo. Bwalo la akulu litaona ngoziyo linalamula kuti ntchitoyo izigawidwa pa maere basi. Tsiku lililonse ankachita maere kanayi, ndipo pa achitatu, a zofukiza, woitanira ankaitana okhawo amene sanafukizepo chiyambire. Ndiye Luka akamati maere anagwera Zekariya kuti alowe kukafukiza, sakunena ntchito ya masiku onse. Mwa ansembe zikwizikwi, nkhalamba imeneyi inapeza mwayi womwe, malinga ndi lamulo limenelo, munthu ankaupeza kamodzi pa moyo wake.

Ngakhale mikate 12 ija ya pa tebulo la m'malo opatulika inali ndi kagawidwe kake pa Sabata. Olowa ankatenga 6, otuluka 6, ngakhale Rabi Yehuda amati olowa 7 ndi otuluka 5. Olowa ankagawanirana kumpoto kwa bwalo, otuluka kummwera. Gulu limodzi lokha, la Biliga, linkagawanira kummwera nthawi zonse, mphete yake yogwirira nyama pophera inakhomeredwa kuti isagwire ntchito, ndipo kabowo kake ka m'khoma kosungiramo zida kanatsekedwa. Chinali chilango. Talmud ikupereka zifukwa ziwiri. China n'chakuti Miriamu, mwana wamkazi wa m'gululo, anasiya chipembedzo cha makolo, anakwatiwa ndi msilikali wa Agiriki, ndipo analowa n'kumenya guwa ndi nsapato akulitcha mmbulu wodya chuma cha Aisraeli. China n'chopepuka koma chodziwika kwa aliyense amene anagwirapo ntchito yosinthana: a Biliga ankachedwa kufika, anzawo n'kumawagwirira ntchito. Chochititsa chidwi n'chakuti gululo silinachotsedwe pa mndandanda. Linachititsidwa manyazi, koma sabata yake inakhalabe yake.

Kawiri m'buku la 2 Mbiri kasinthasinthayu akuimitsidwa, ndipo wolemba akuona kuti n'zofunika kutiuza. Pa 5:11, tsiku lopatulira Kachisi wa Solomoni, ansembe onse anadziyeretsa osatsata mahlekot. Pa 23:8 nkhani ndi ya ndale. Mfumukazi Ataliya walanda mpando, mwana Yowasi wabisidwa m'Kachisi zaka 6, ndipo wansembe Yehoyada akufuna anthu ambiri pamalo amodzi popanda wina kukayikira. Anasankha Sabata, tsiku losinthana, n'kungoletsa otuluka kuti asapite. Olowa ndi otuluka onse anali mkati, ndipo Ataliya anazindikira mwana atavekedwa kale chisoti.

Anthu a ku Qumran, amene mipukutu yawo inayamba kupezeka m'mapanga a pafupi ndi Nyanja Yakufa mu 1947, anatenga mayina 24 aja n'kuwasandutsa kalendala. Chaka chawo chinali cha masiku 364, masabata 52 enieni. Magulu 24 salowa bwino mu 52, koma m'zaka 6 muli masabata 312, ndipo pamenepo gulu lililonse limakhala litatumikira maulendo 13 osatsala kanthu. Mipukutu ina ya m'phanga lachinayi ndi mindandanda yotere basi, yoyambira pa tsiku lachinayi la sabata ya Gamuli, tsiku lomwe Genesis imati kunalengedwa dzuwa ndi mwezi. Anthu amenewa anali atayambana ndi akuluakulu a Kachisi wa ku Yerusalemu, komabe masiku awo ankawawerenga ndi mayina a ansembe oyenera kukhala pa ntchito.

Masiku ano ambiri amafika pa nkhaniyi pofuna kupeza tsiku limene Yesu anabadwa. Amati Abiya ndi wa nambala 8, ndiye tiwerenge masabata kuyambira mwezi woyamba wa Ayuda, tipeze nthawi imene Elizabeti anaima, tiwonjezere miyezi 6 ya pa Luka 1:26, kenako miyezi 9. Ena amatulukira cha mu Seputembala kapena Okutobala. Koma gulu linkatumikira kawiri pa chaka, ndipo ukatenga ulendo wachiwiriwo yankho limasuntha ndi theka la chaka. Ena amawerenga chobwerera kuchokera m'chaka cha 70, potsata mwambo wa arabi wakuti Kachisi anawonongedwa gulu la Yehoyaribu lili pa ntchito, ndipo amatulukira cha mu Disembala. Akatswiri amasiyananso pa funso lakuti kasinthasinthayu ankayambiranso chaka chilichonse kapena ankangopitirira. Masamu amene amapatsa aliyense yankho lomwe anabwera nalo kale ine sindingawakhulupirire.

Aroma atawononga Kachisi m'chaka cha 70 ntchito inatha, koma mayina sanathe. Mu 1962, pa kufukula komwe ankatsogolera Michael Avi-Yonah ku Caesarea, anapeza zidutswa za mwala wa m'sunagoge zolembedwa mndandanda wa magulu a ansembe, lililonse ndi mudzi wa ku Galileya umene linkadziwika nawo. Mudzi wa gulu la 18, la Hapizezi, ndi Nazareti. Mu 1970 Walter Müller anapeza mndandanda wofanana ndi umenewu pa chipilala cha mumzikiti wa m'mudzi wa Bayt al-Hadir ku Yemen, kutali kwambiri ndi Yerusalemu. Kwa zaka mazana anthu ankasungabe dongosolo la ntchito yomwe kunalibe malo oigwirira.

Pa nthawi imeneyo liwu la mahaloket linali litasamukira kale mbali ina ija. M'Chiheberi cha arabi limatanthauza kusiyana maganizo, mtsutso, mkangano, ndipo mpaka lero ku Israel ndi mmene amalimvera. Tanthauzo lakale linatsalira m'bale wake mahlaka, liwu lomwe amatchulira chigawo cha chipatala kapena cha yunivesite, ngakhalenso kagulu ka asilikali. Ndimaganiza kuti n'chifukwa chake arabi anakonda mishmar: ukanati "mahaloket wa Abiya" anthu akanafunsa kuti Abiya wayambana ndi ndani. Mbewu ya tanthauzo latsopanoli inalimo kale m'tsindemo. Pa 1 Mafumu 12:16 mafuko a kumpoto akugalukira Rehobowamu ndi funso lakuti tili ndi helek wanji mwa Davide. Pa 1 Samueli 23:28 pali malo otchedwa Sela-hamalekoti, m'chipululu cha Maoni, pomwe Sauli anali mbali imodzi ya phiri, Davide mbali ina, mpaka uthenga wa Afilisti unabweza Sauli. Ena amamasulira dzinalo kuti thanthwe la kusiyana, ena thanthwe la kupulumuka, chifukwa Chiheberi chili ndi tsinde lina la zilembo zomwezo lotanthauza kusalala kapena kuterera, lomwe lili pa miyala isanu yosalala ya Davide ndi pa khungu losalala la Yakobo.

Chiganizo chodziwika kwambiri cha arabi pa liwuli chili mu Mishnah, gawo la Avot 5:17. Chimasiyanitsa mahaloket wochitika chifukwa cha Kumwamba, yemwe amakhalitsa, ndi wosachitika chifukwa cha Kumwamba, yemwe sakhalitsa. Chitsanzo cha woyamba ndi mitsutso ya Hillel ndi Shammai, aphunzitsi awiri amene ankatsutsana pa malamulo ndipo maganizo a onse awiri analembedwa. Chitsanzo cha wachiwiri ndi Kora ndi anthu ake. Kora, pa Numeri 16, anali Mlevi wa banja la Kohati, mwana wa m'bale wa bambo a Mose ndi Aroni. Anali ndi gawo lake kale pa ntchito ya chihema, koma ankafuna la Aroni, ndipo ananyamuka ndi atsogoleri 250 akunena kuti msonkhano wonse ndi wopatulika. Mlandu wake unaweruzidwa ndi zofukiza, ntchito yomwe ija imene pambuyo pake inkagawidwa pa maere.

Numeri 26:11 ikuti ana a Kora sanafe. Masalimo angapo, monga 42, 84 ndi 87, ali ndi dzina lawo pamwamba. Ndipo pa 1 Mbiri 26:1, pamene wolemba akuyamba mndandanda wa alonda a pa zipata, liwu loyamba la vesilo m'Chiheberi ndi mahlekot, m'tanthauzo lake lakale la magawo a ntchito. Banja loyamba kutchulidwa ndi la Kora. Maere atachitika, chipata cha kummawa chinagwera Meselemiya, mdzukulu wa m'banjalo, ndipo cha kumpoto chinagwera mwana wake woyamba, yemwenso dzina lake linali Zekariya.